Lilime la Yamiko

Imizamo Yethu, Hout Bay
9 Malichi 2024

Achemwali anga a Esnat,

Muli bwanji kumudziko? Alamu ndi ana ali bwanji? Ife kuno tili moyo, ndipo poti moyo ulipo sindidandaula kwambiri, koma katundu yense anapsa. Moto unadutsa mzere wathu wonse wa mashaki, timanyumba ta malata, masanasana, ine n'kutuluka ndi Yamiko kumbuyo ndi kachikwama ka mapasipoti basi. Ngakhale wigi ija munkati ndidzakusiyireni inapita ndi moto.

Ndasankha kulemba chifukwa inu mulibe foni, ndipo ya achimwene a Clever mukuidziwa: amaika pa laudi, mudzi wonse n'kumamvera nawo mpaka nkhuku. Mukafuna kuyankha muzipereka kalata kwa a Brown, a transipota aja amadutsa pa Kampepuza ndi thiraki yawo.

Nkhani ndi iyi. Madamu amene ndimawalerera mwana andipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo, koma akuti ndikhale ndekha, wopanda mwana. A Layton, bambo ake a Yamiko, akugona kwa anzawo ku Epping, kufupi ndi msika kumene amatsitsa matumba. Nanga mwana wa chaka ndi miyezi itatu ndimusiya kuti? Ndiye akubwera kwa inu pa basi ndi a Jennie a kutchalitchi kwathu kuno. Bere ndamuletsa sabata ino. Iye akulira, inenso ndikulira, sitikudziwa woti atonthoze mnzake.

Mukaona akuchita tinatake ndi manja musadabwe, ndi masewera a kuno. Ndidzafotokoza mtima ukakhala pansi. Mundilerere, achemwali, ndilibe wina.

Mng'ono wanu,
Selina


Kampepuza, Ntcheu
24 Malichi 2024

Selina mng'ono wanga,

Tili bwino tonse, kaya iwe ndi alamu. Mwana wafika. A Jennie akowo anangotipatsira pawindo la basi ngati thumba la anyezi, n'kupitirira ku Lilongwe, ndiye sitinafunse kanthu. Zikomo chifukwa cha sopo ndi shuga.

Yamiko ndi wokongola, watengera mphumi ya malemu amayi. Koma Selina, undiuze zoona, ine ndine mkulu wako. Mwanayu ali bwinobwino?

Masabata awiri tsopano sanatulutse liwu, kupatula kulira. Ana anga pamsinkhu umenewu ankabwebweta mpaka kutiboola m'makutu. Uyu amangokuyang'ana m'maso, kenako manja ayambe. Amatambasula dzanja n'kumalifumbata, kulitsegula, kulifumbata, ngati akukodola munthu. Tsiku loyamba alamu ako anadzuka pampando n'kupita, poganiza kuti aitanidwa. Mwana anawayang'ana n'kulira. Ndinapita ine, analiranso. Tsopano amakodola ngakhale kumene kulibe munthu, atayang'ana kumunda. Amayi ena apafupi pano ayamba kale kufunsa kuti akuitana ndani amene ife sitikumuona. Ndinawayankha zoti sindingalembe m'kalata.

Pali china amagundanitsa nsonga za zala za manja onse awiri. Pali chinanso amagwedeza manja m'mwamba ngati wa kwaya. Ndikamupatsa phala amagwedeza, ndikapitiriza kumudyetsa amalavula. Ndikamuchotsera nthochi amagundanitsa zala n'kukuwa. Mutu wanga sukugwira.

Iwe unati ndi masewera. Masewera ake otani osaseka? Ngati mwanayu samva, ukanangonena. Si tchimo, ndipo sitikanamukana. Yankha msanga, achimwene ayamba kufunsa mafunso.

Ndine mkulu wako,
Esnat


Hout Bay
8 Epulo 2024

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu ndaiwerenga ndili m'teksi, ndinaseka mpaka anthu kunditembenukira, kenako ndinalira. Mwana wanga amamva! Vuto ndi ine. Ndinachita manyazi kufotokoza poopa kuti mundiseka kuti Selina wayamba zachizungu. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tamverani. Madamu anga ali ndi mwana wamkazi dzina lake Fiona, wamkulu kwa Yamiko ndi mwezi umodzi. Iwo amati khanda limadziwa chimene likufuna kalekale pakamwa pasanakhwime, ndiye umaliphunzitsa kunena ndi manja. Ukamapereka mkaka umanena kuti mkaka, uku ukufumbata dzanja. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka tsiku lina mwana amayamba yekha. Anandiuza kuti ndikafuna ntchito ndiphunzire zimenezi. Poyamba ndinkati azungu asowa chochita. Koma poopa kuyaluka kuntchito ndinkayeserera pa Yamiko ndikaweruka, ndipo mwana wanu anazigwira msanga kuposa mwini wake Fiona. Kulira kunachepa m'nyumba, mpaka oyandikana nawo ankafunsa ngati mwana ndamutumiza kumudzi.

Ndiye sakukodola munthu ayi, akupempha mkaka. Akagundanitsa zala akuti onjezerani. Akagwedeza manja akuti basi, ndakhuta. Inu mwakhala mukumuonjezera akakhuta, n'kumulanda akafuna zina. Pepani, achemwali, mwazunzika nonse awiri chifukwa cha ine.

Ndakujambulirani zonse m'kabuku aka, zilipo khumi ndi zinayi. Musaseke manja ndajambulawo, akuoneka ngati phava la nthochi, koma pansi pake ndalemba tanthauzo. Mukamamuyankha muzinenanso mawuwo pakamwa.

Za kusalankhulazo zikundidabwitsa. Kuno ankati “mama”, ankatinso “tata” monga amanenera ana a Chixhosa. Mwina simunamvetsere bwino?

Selina


Kampepuza
27 Epulo 2024

Mlongo wanga Selina,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndili bwino, kungoti tomato chaka chino watsika mtengo. Ndalemba ndekha chifukwa nkhaniyi yakula, ndipo mwini mbumba ndine. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kabuku kako Esnat anandionetsa. Ine sindichita zinthu mwaumbuli, choncho ndinapita nako kwa aphunzitsi ena amene anaphunzirako za ana olumala. Atangotsegula anati, “Izi ndi zizindikiro za anthu osamva, zonga amachita munthu uja amaima pakona pa TV nthawi ya nkhani.” Tsono iwe ukuti mwana amamva, koma buku watumiza ndi la osamva. Timve ziti?

Ndinayesa ndekha. Mwana atakhala pamphasa ndinamuzembera kumbuyo n'kugwetsa beseni lachitsulo. Anadzidzimuka, kulira kwake mpaka anthu anatuluka m'nyumba. Ndiye pamenepo wawina, makutu ali bwino.

Koma ngati amamva, bwanji salankhula? “Mama” amene ukunenayo kuno sanamvekepo. Ine ndaona zifukwa ziwiri. Choyamba, munamuzoloweza ulesi. Munthu amene akupeza zonse ndi manja angavutikirenji ndi pakamwa? Ndalamula kuti pakhomo pano wina asamuyankhe akachita za manjazo, afune asafune atsegule kukamwa. Chachiwiri, ndamusuzumira m'kamwa ndipo ndikuona ngati kachingwe ka pansi pa lilime n'kakafupi. Mwana wa a Binti kuseri kwa msika anali chomwecho, anamudula, lero ndi amene amaitanira minibasi pa siteji.

Ndikufunse ngati mlongo wako: kodi madamu akowo sankayesera mankhwala awo pa mwana wathu? Zaulere zimakhala ndi pake. Ndiponso alamu a Layton anavomera zimenezi?

Ndine,
Clever


Hout Bay
12 Meyi 2024

Achimwene,

Moni. Ndayesa kukuuzani pafoni Lamulungu lija koma munali pamsika, munkangoti “eya, eya” uku mukutsutsana mtengo ndi munthu. Ndiye ndalemba.

Aphunzitsiwo sananame. Ndafunsa madamu, akuti zizindikirozi anazibwereka kwa anthu osamva, koma amaphunzitsa ana akumva. Ndikudziwa kuti zikumveka zozondoka. Palibe mankhwala alionse, ndi manja basi. Chonde muzimuyankha mwanayo. Taganizani inuyo mutafika kuno, mukupempha madzi m'Chichewa, anthu akumva koma akungokuyang'anani dala.

Komabe ndisaname, nanenso mutu waima. Fiona wayamba kulankhula. Dzulo wanena “shuzi”, wanenanso dzina langa, akuti “Nina”. Ndinathawira kubafa kukalira. Anaphunzira limodzi, bwanji wina walankhula wina ayi? Madamu akuti mwana aliyense ali ndi nthawi yake, komanso mwana amene waona moto n'kusiyana ndi mayi ake mwezi womwewo akhoza kukhala chete kwa kanthawi. Akutero iwo, koma wawo akulankhula. A Layton ndiye akuti anandiuza kale kuti za kuntchito zizithera kuntchito. Sanandiuzepo, ankaombera m'manja okha mwana akapempha mkaka. Panopa sitikulankhulana bwino.

Mwina ndinalakwitsa, achimwene, sindikudziwa. Za lilimezo ine sindinazionepo, koma sindine dokotala. Ndapatsa a Brown kangachepe kuti mupite naye kuchipatala akamuone. Chimene chingathandize mwana chichitike, ine ndili kutali.

Mlongo wanu,
Selina


Kampepuza
2 Juni 2024

Selina,

Moni, ndilemba mwachangu, a Brown aima pamsewu ndipo achimwene sakudziwa kuti ndikulemba.

Kuchipatala tinapita. Adokotala anamuona m'makutu ndi m'kamwa, anati palibe cholakwika, lilime lili bwino, tidikire miyezi ingapo. Anatinso za manjazo tisamuletse. Potuluka achimwene anati, “Ulendo wonsewu kudzangouzidwa kuti dikirani? Kamnyamata kameneka kanabadwa liti?”

Tsopano apangana ndi a Safeli, bambo aja amadula ana timalilime ndi lezala kuseri kwa chigayo. Tsiku ndi Loweruka pa 15 mwezi uno. Ndinakana, koma anatulutsa kalata yako n'kundiwerengera pamene unati chimene chingathandize mwana chichitike. Akuti mayi wake wavomera, iwe ndiwe ndani? Selina, kodi unavomeradi? Ine ndawerenga kanayi, pena ndikuona ngati unavomera, pena ngati ayi.

Mwanayu akundimvetsa chisoni. Achimwene anamuveka masokosi m'manja masiku atatu kuti aiwale. Sanaiwale, ankagundanitsa masokosiwo. Atamuvula anasiya kupempha pamaso pa anthu, ndipo kudya kwachepa. Koma tikakhala awiri kubafa amandiyang'ana kaye, n'kuyang'ana kukhomo, kenako amaika tizala titatu pachibwano. Ndinakaona m'kabuku, ndi madzi. Ndinamupatsa, nane n'kuika zala pachibwano, ndipo anaseka. Aka kanali koyamba kumva kuseka kwake. Ndiye timayankhulana mobisa ngati akuba.

Koma nanenso ndili pakati. Bwanji ngati achimwene akunena zoona, ine n'kukhala amene ndikumuchedwetsa? Ana anga anayi palibe amene ndinamulera ndi buku.

Ukangolandira iyi imba foni. Unene mawu amodzi omveka, eya kapena ayi, osati zozungulira zako zija. Iwe wekha ndi amene angakumvere. Usanene kuti ndakuuza ndine.

Esnat


Hout Bay
17 Juni 2024

Achemwali,

Kalata yanu yafika lero Lolemba. LERO. Thiraki ya a Brown inagwidwa pa boda ya Beitbridge masiku asanu ndi anayi chifukwa cha mapepala a katundu. Andipatsa kalatayi akuseka, akuti pepani sisi, mwachedwa kumva za kumudzi.

AYI. Yankho ndi ayi. Sindinavomere, sindingavomere. Ndinati kuchipatala! Ndaimba foni ya achimwene maulendo osawerengeka, ndi yozimitsa. Ndaimbira a Jennie ku Lilongwe, akuti sadziwa aliyense ku Kampepuza. Sabata yatha yomweyi ndinalankhula nawo achimwene, anandiuza za tomato, za Loweruka osatchulako n'komwe.

Ndikulemba sindikudziwa kuti ndikulembera chiyani, poti Loweruka ladutsa kale. Mwina mvula inagwa. Mwina a Safeli anachokapo. Mwina munamubisa mwanayo, achemwali, ndiuzeni kuti munamubisa. Ndamuwotcha Fiona ndi madzi osamba lero, mwamwayi pang'ono pokha, ndipo anandionetsa ndi zala kuti zapweteka. Wanga akuonetsa ndani?

A Layton apita kukafunsa za basi. Madamu akuti ndikachoka malo anga sangawasunge kupitirira masabata awiri, ndipo mapepala anga mukuwadziwa, ndikatuluka kubwerera n'kovuta. Sindikudziwa ngati ndikwere kapena ndidikire. Iyi ndapatsa mnyamata wa basi ya mawa. Wina andiyankhe.

Selina


Chipatala cha kuboma, Ntcheu
22 Juni 2024

Selina mng'ono wanga,

Yamba wapuma. Mwana ali moyo ndipo akuchira. Kalata yako alamu ako abwera nayo kuno dzulo.

Sindinamubise. Ndinadikira foni yako mpaka Loweruka m'mawa, itapanda kubwera ndinati basi, ndiye kuti mwini wake wavomera. Ndinamubereka ndekha kupita naye. Ndinamugwira miyendo ndine. Zimenezi ndidzakuuza pamaso, pakalata sindingathe.

Magazi anavuta kusiya. Pofika Lolemba m'kamwa monse munali mutatupa, thupi moto, osameza kanthu. Tinathamangira kuno. Anamesi anatikalipira. Adokotala akuti bala linalowa tizilombo, koma lilime silinaonongeke kwambiri, lipola. Za kulankhula akuti tidikire, mawu omwe aja anatiuza poyamba.

Masiku onsewa mwanayu sankatha ngakhale kulira bwino. Chimene chatithandiza ndi manja omwe aja. Akafuna madzi amanena, akakhuta amanena, ndiye sitimukakamiza pabalapo. Anamesi ena afika pomabwera kudzaonerera, wina wajambula kabuku kako pafoni.

Lachitatu ndinapita kukachapa, n'kusiya achimwene pabedi. Pobwera ndinawapeza atatsegula kabuku, nkhope itagwa. Akuti mwana anawayang'ana, n'kugundanitsa zala ziwiri zolozera pafupi ndi pakamwa pake, kawiri. Iwo anafufuza tsamba ndi tsamba mpaka anapeza pamene unalemba kuti “kupweteka”. Anatuluka, anakakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Foni anazimitsa okha kuyambira Loweruka lija, akuti alibe mawu oti akuuze. Kumsika sanapiteko sabata yonse, tomato akuolera m'madengu.

Za kubwera, ine sindingakuuze chochita. Mwana akutuluka Lachiwiri. Ukabwera ntchito itha, ukakhala mtima upweteka, zonse ndi zako. Ukandikwiyira ndilibe mawu. Pansipa achimwene apempha malo.

Esnat


Mlongo wanga,

Ndine Clever. Kalata yako ndinaiwerenga mmene ndinkafunira ine. Esnat usamuimbe mlandu, wolakwa ndine.

Zizindikiro ndaphunzira zisanu ndi chimodzi. Dzulo ndinamufunsa ndi manja ngati akufuna madzi, anayang'ana Esnat kaye, kenako analandira kapu kwa ine. Koma ndikamuyandikira kwambiri amatseka pakamwa pake ndi manja onse awiri. Chimenecho sindinafune buku kuti ndichimve.

Ndafufuza kabuku konse. Muli mkaka, muli madzi, muli kugona, ngakhale galu alimo. “Pepa” mulibe. Pakamwa ndamuuza kambirimbiri, koma sindikudziwa ngati zikufika. Ufunse madamu akowo mmene amanenera, upatse a Brown kapena aliyense wofulumira. Ujambule zala bwinobwino, chimodzichimodzi. Manja angawa ndi okalamba, amachedwa kumva.

Clever